Zisudzo sizinapite ndi Du, zili m'kalasi ku Ndirande

Loweruka masana ana a sukulu kulibe, koma kalasi ina ya pulayimale ku Ndirande ili ndi eni ake. Madesiki awakankhira kukhoma. Pakati pangotsala benchi limodzi, ng'oma imodzi, ndi anyamata ndi atsikana osakwana khumi, onse atavula nsapato.

Benchilo ndi minibasi.

Anayi akhala mothinana, mawondo akugundana. Wachisanu watulutsa thupi kunja, dzanja likumenya chitseko chomwe palibe, akuitanira a ku Limbe. Dalaivala akaponda buleki, onse akugwera kutsogolo nthawi imodzi. Akakhota, mapewa onse akupendekera kumodzi. Mayi wina wa m'sewerolo wangomva kumene kuti mtengo wakwera usiku womwewu.

"Amayi, onjezerani. Mafuta akwera, si ine ayi," akutero kondakitala.

Mayiyo sakulira ndipo sakukalipa. Akumasula mfundo ya pachitenje, akuwerenga ndalama, akumanganso, akumasulanso, akuwerenganso.

M'mawindo mwadzaza mitu ya ana. Kumbuyo kwawo kwaima mayi wa mandasi, beseni lili pamutu, ulendo wa kumsika waima kaye.

"Tibwereze!" wotsogolera akuwomba m'manja kawiri.

Pasanathe ola, benchi lomwelo likhala litasanduka bedi la m'chipatala, bokosi la maliro, ndi mwala womwe mlaliki wa pamsika amaimapo. Palibe amene afunse kuti tsopano tili kuti. Aliyense akuona.

Zotere zimachitika m'makalasi, m'maholo a tchalitchi ndi pansi pa mitengo ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Komabe mukafunsa anthu achikulire mumzinda wa Blantyre za zisudzo, yankho silichedwa: zinapita ndi Du.

Mawuwa ali ndi pochokera. Dunduzu Chisiza Jr, Du amene akunenedwayo, anayamba kumveka mu 1982 ali mwana wa sukulu pa HHI, pomwe sewero lake la The Deceased's Attack linapambana pampikisano wa sukulu za sekondale m'dziko lonse. Atabwerako ku America komwe anakaphunzira, anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu loyamba m'Malawi lomwe linatenga zisudzo ngati ntchito yodyerapo. Masana a Lamulungu anthu ankatchena, kukwera basi, kukaima pamzere pa French Cultural Centre ku Chichiri kuti akaone Papa's Empire kapena Educating Mwalimu. Kwathu Drama Group, yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inkadzaza malo omwewo ndi masewero a Chichewa, Izeki ndi Jakobo ali pomwepo kuthyola anthu nthiti.

Kenako maliro anatsatizana. Du anamwalira pa 24 Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira, yemwe anatsogolera Wakhumbata asanayambitse Wanna-Do Ensemble Theatre, anatsatira mu 2006. John Nyanga, Izeki uja, anapita mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021.

Nyumba nayo inagwa. Mu 2011 a ku France anachoka pamalo aja a ku Chichiri, akuba n'kulowerera kuzula zomwe akanatha. Boma linagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonza yakhala ikukoka miyendo kwa zaka zambiri.

Amene akulira zonsezi sakulakwa. Amalakwa pamene aweruza sewero lomwe sanalione.

Chifukwa amene walowa m'holo zaka zaposachedwazi waona chinthu chomwe kale chinali chosowa: nsanja yopanda katundu, yodzaza ndi anthu.

Masewero ambiri a nthawi ija ankayambira pabalaza. Nsalu ikatsegulidwa, munkapeza sofa, tebulo, kabati ndi wailesi, ndipo nkhani yonse inkayenda pakati pa mipandoyo. Gulu linkafunika galimoto yonyamula zonsezo. Lero magulu a achinyamata ndalama ya galimoto alibe. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa ulendo uliwonse unakwera nayo. Gulu lomwe lingakwane mu minibasi imodzi, ng'oma pamiyendo, zovala m'chikwama, ndi lomwe lingasewere ku Machinjiri Loweruka n'kukafika ku Zomba Lamulungu.

Poyamba kunali kusowa. Tsopano ndi luso, ndipo n'lovuta kuposa lija la pasofa.

Munthu wokhala pampando weniweni akhoza kubisala kumbuyo kwa mawu. Munthu amene akuyenera kuonetsa ndi msana wake kuti wasenza thumba la makala kuchokera kuphiri, ndi mapazi ake kuti akuwoloka Nasolo mvula itagwa, alibe pobisala. Akanama, thupi limamuulula. N'chifukwa chake kukonzekera kwa magulu amenewa kumayamba ndi kuthamanga, kudumpha, kupuma ndi kuimba, mawu a sewero asanatchulidwe n'limodzi lomwe. Atsikana atatu atagwirana mapewa amakhala khoma la nyumba ya lendi. Zala zogogoda pansi zimakhala mvula pamalata. Chitenje chimodzi chimakhala mwana wakhanda, mtsinje, ndi nsalu yofunditsa maliro, ndipo chikasintha ntchito oonerera amapuma mozama onse pamodzi.

Izi si zobwera. Agogo okamba nthano madzulo ankakhala kalulu, njovu ndi mfumu paokha, osadzuka pamphasa. Ovina gule wamkulu amadziwika ndi kayendedwe asanayandikire bwalo. Beni ndi mganda ndi zisudzo za asilikali zochitidwa ndi miyendo. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, lomwe linkayenda m'sukulu ndi m'midzi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, linaphunzira msanga kuti pabwalo la mfumu palibe nsalu yotsegula. Chomwe achinyamata a lero achita n'kutenga chuma chimenechi n'kuchibweretsa m'tauni, kuti chinene za landilodi, za katapila ndi za mzere wa pampopi wa madzi.

Nanzikambe Arts inathandiza kwambiri kutsegula njirayi. Gululi linayamba ku Blantyre mu 2003 ndi Kate Stafford, ndipo pambuyo pake linakhazikika ku Naperi, pafupi ndi Zingwangwa. Linatenga masewero a Shakespeare monga Hamlet ndi Macbeth n'kuwaika m'nthaka ya kuno, ndi ng'oma ndi magule. Linagwira ntchito ndi akaidi a kundende ya Chichiri. Linagwirizana ndi Theater Konstanz ya ku Germany, ochita zisudzo a mbali ziwirizi n'kumayenderana. Ndipo linaonetsa kuti munthu mmodzi akhoza kunyamula sewero lonse: Geoffrey Mbene anasewera yekha The Story of the Tiger ya Dario Fo wa ku Italy, motsogoleredwa ndi Thokozani Kapiri, mpaka kukafika nayo ku Ulaya. Ambiri mwa omwe akuphunzitsa ana zisudzo m'madera a mzindawu lero anadutsa m'manja mwa anthu a m'badwo umenewo, kapena anawaonera ali pansanja.

Pali chinanso chomwe khutu limagwira maso asanaone.

Anthu a m'masewero atsopano amayankhula momwe anthu amayankhulira pa Chinseu ndi pa Mvula. Mnyamata ali ndi anzake akunena za geni, za dola, za madala ndi masteni. Landilodi akangotulukira, mnyamata yemweyo wavula chipewa, manja wapinda, mawu asintha: "Bambo, mundipirireko mpaka Lachisanu." Bwana wa mu ofesi amayamba m'Chichewa chokoma, koma ikafika nthawi yokana pempho amathawira ku Chingerezi. Agogo ochokera ku Thyolo akapsa mtima, Chilhomwe chimatuluka chokha. Wamalonda wa ku Mangochi amawerengera ndalama m'Chiyawo. Wolemba safunika kufotokoza kuti wamphamvu ndani m'chipindamo. Chinenero chanena kale.

Kuti izi zioneke kukula kwake, tiyenera kukumbukira komwe zisudzo za m'sukulu zinachokera. Mpikisano wa ATEM unayamba mu 1969, ndipo cholinga chake chinali kuphunzitsa Chingerezi. Unapatsa dziko lino alembi ndi akatswiri ambiri, Du yemwe ali m'gulumo, ndipo uyenera ulemu wake. Koma unasiyanso chizolowezi: sewero lozama likhale la Chingerezi, la Chichewa likhale loseketsa. Kwa zaka zambiri mwana wotchula mawu akuluakulu a Chingerezi ankaomberedwa m'manja ngakhale theka la holo silinamve chomwe wanena.

Masewero atsopano agumula mpanda umenewo. Chichewa chikunyamula chisoni, mkwiyo ndi chikondi popanda kupepesa. Stanley Onjezani Kenani atamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa n'kuseweredwa pansanja, ana omwe ankavutika nalo bukulo pokonzekera mayeso a MSCE anapeza kuti ndi nkhani ya mabanja awiri odana ndi ana awiri okondana, nkhani yomwe aliyense wa ku Bangwe angatchule mayina a eni ake.

Koma mphamvu yaikulu ya masewero a lero ndi kulimba mtima kotchula chinthu dzina lake.

M'nthawi ya chipani chimodzi zimenezi zinali zosatheka. Lamulo la 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo linkafuna kuti sewero lililonse liyambe ladutsa kubungwe lounika lisanaonetsedwe. Alembi anaphunzira kuyankhula mokuluwika. Steve Chimombo anapita ku nkhani ya Mbona polemba The Rainmaker. Ena anabisala m'maufumu akale ndi m'mayiko opeka. Oonerera nawo anaphunzira kumva zomwe zili kunsi kwa mawu, ndipo chiseko cha m'holo nthawi zina chinkakhala cha mantha. Linali luso lalikulu, lobadwa m'nthawi yowawa.

A lero amalowa pakhomo lakumaso.

Mu 2012 nkhani ya Jack Mapanje, mlakatuli yemwe anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, inaseweredwa pansanja kuchokera m'buku lake la And Crocodiles Are Hungry at Night, Misheck Mzumara atatenga mbali ya Mapanje. Inaonetsedwa kuno ndi ku London. Anthu omwe abale awo anadutsa m'ndende zomwezo anakhala pansi n'kuonera zomwe kwa zaka zambiri zinkanenedwa monong'ona.

Chaka cha 2011 chinali chitaonetsa kale kuti kulimba mtima kotere kuli ndi mtengo wake. Pa 20 Julayi anthu anachita zionetsero m'mizinda, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Mu Sepitembala Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic yemwe ankadzudzula boma, anapezeka atafa pasukulupo. Komiti yofufuza inadzanena mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Chasowa anali atalemba sewero la Semo pamodzi ndi Thlupego Chisiza, mwana wa Du. Mu Disembala chaka chomwecho Thlupego ndi gulu lake la Lions Theatre anali pansanja ku Nanzikambe akusewera Semo pamene apolisi analowa n'kumutenga, oonerera akuona. Mlandu unali woonetsa sewero popanda chilolezo cha bungwe lounika lija. Khoti linamulipiritsa chindapusa.

Lamulo linali lomwe lija la 1968.

Amene amanena kuti zisudzo zinatha mphamvu aganizirepo apa. Apolisi satumizidwa kukaimitsa chinthu chakufa.

Achinyamata atembenukiranso ku mbiri yakale, koma osati momwe imalembedwera pabolodi. M'busa John Chilembwe aliyense amamudziwa: nkhope yake ili pandalama, tsiku lake ndi 15 Januwale. Tawonga Taddja Nkhonjera ndi gulu la Dikamawoko anamubweretsa pansanja mu Malawi Kwacha. Gulu la YDC Theatre, ndi cholembera cha Fumbani Phiri, linasankha usiku umodzi wokha mu Operation Mandala 1915: usiku womwe anthu a Chilembwe anachoka ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala, mu Januwale 1915. Kusankha koteroko n'kwanzeru. Mandala si dzina la m'buku. Ndi malo omwe munthu wa ku Chilomoni amadutsa popita kuntchito. Sewero likamuuza kuti pamenepa panayenda anthu usiku, mitima ili m'mwamba, akudziwa kuti mwina sabwerera, msewu umene uja sakhalanso nawo chimodzimodzi.

Ndipo mbiri ina ndi ya dzulodzuloli. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa Chilobwe ndi Manja usiku. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera, ena sanapezeke mpaka lero. Anyamata omwe anakumba ndi makasu ndi manja kufunafuna anansi awo ndi a msinkhu womwewu wa omwe akuvula nsapato m'makalasi Loweruka. Akamasewera za mvula, za nyumba yomangidwa m'mbali mwa phiri chifukwa malo ena n'ngodula, za msasa wa pasukulu, sakuchita kufunsa kwa munthu kuti zinali bwanji.

Oonerera a m'madera amenewa nawo ndi theka la sewero.

Sakhala chete. Mwamuna wa m'sewero akamanamiza mkazi wake, mawu amachokera kumbuyo kwa holo: "Amayi, musamumvere ameneyo!" Mwana wamasiye akamalandidwa katundu, wina amadzuma mokweza, wina n'kutchula dzina la mlamu wake. Wosewera wosakhwima amasokonezeka. Wokhwima amadikira phokoso litsike, amatembenukira komwe kwachokera mawuwo, n'kuyankha osatuluka m'khalidwe la munthu yemwe akumusewera. Magulu ambiri tsopano amalemba akudziwa zimenezi. Amasiya mipata. Ena amaimitsa sewero pakati n'kufunsa holo kuti mtsikanayu achite chiyani, ndipo mkangano womwe umabuka umatha kutalika kuposa sewerolo.

Apa ndi pomwe nsanja imaposa foni. Nthabwala za mphindi imodzi pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp zatenga anthu ambiri, ndipo ena mwa ozipanga ndi aluso ndithu. Timanyumba ta mavidiyo, momwe mafilimu akunja amawaikira mawu a Chichewa, timadzaza ana tsiku lililonse. Koma foni siyankha. Munthu amaseka yekha n'kupitirira. M'holo, bambo yemwe amamenya mkazi wake amakhala benchi limodzi ndi anansi ake pamene khamu lonse likukuwiza mwamuna wotero pansanja, ndipo aliyense akudziwa amene akunenedwa.

Akazi nawo asintha malo. Kale mkazi wa m'sewero kawirikawiri ankakhala wolongolola, woyendayenda kapena apongozi ovuta, ndipo nkhani inkakhala ya mwamuna. Gertrude Kamkwatira anasonyeza kuti mkazi akhoza kulemba, kutsogolera ndi kusunga gulu. Lero m'mipikisano ya sukulu, ya ATEM ndi ya NASFEST yomwe amakonza a Light of Youth Creative Organisation, si zachilendo kuona mtsikana ataima yekha pakati pa nsanja akufotokoza nkhani yake: ya mphunzitsi womufuna, ya malume omwe amulipirira fizi ndi cholinga china, ya ukwati womwe akuluakulu akonza iye ali Fomu 2. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Masewerowa amafunsa zomwe lamulo silingafunse: mtsikanayo akakana, agona kuti usiku umenewo?

Si zonse zili bwino, ndipo kuyamikira koona sikubisa zimenezo.

Matenda aakulu ndi sewero la uthenga. Bungwe likabwera ndi ndalama, limabweranso ndi mfundo zake zoti zimveke. Zisudzo zophunzitsa zinachita ntchito yaikulu m'dziko muno, kuyambira pa zaumoyo ku Liwonde m'zaka za m'ma 1980 mpaka nthawi ya Edzi, pomwe masewero a pawailesi monga Tikuferanji ndi Zimachitika ankalowa m'nyumba momwe nkhaniyo inali yosakambika. Koma chizolowezi chake chikalowa m'magazi a wolemba, sewero limadziwika mathero likangoyamba. Woipa alapa, mlangizi wa zaumoyo alowa ndi chikwama, onse aimba nyimbo yotsekera. Anthu a ku Ndirande amaziona zimenezi patali, ndipo amayamba kutuluka mlangiziyo asanatsegule pakamwa.

Masewero abwino a m'badwo uno ndi aja omwe akana njira imeneyi. Kondakitala uja si munthu woipa. Mwini minibasi akumudikira madzulo ndi chiwerengero chake. Landilodi ndi mayi wamasiye yemwe lendiyo ndiyo fizi ya ana ake. Wolemba akapatsa munthu aliyense chifukwa chake, holo imagawanika, ndipo anthu amakanganabe ali pa depoti.

Palinso zofooka za luso zomwe otsogolera ayenera kuzimva. Ena amayesa kukuwa ndiye kusewera. Ena amaika magule anayi pomwe pamafunika amodzi. Masewero ambiri amayamba mwamphamvu n'kusochera chakumapeto, chifukwa wolemba yemweyo ndiye wotsogolera, ndiye wosewera wamkulu, ndiyenso woima pakhomo kutolera ndalama, ndipo palibe womuuza kuti apa dula.

Za ndalama n'zomwe zimafooketsa ambiri. A m'magulu amenewa masana ndi a kabaza, aphunzitsi, osoka, ogulitsa mayunitsi, ophunzira a ku MUBAS. Za pakhomo zikalipira holo, zokuzira mawu ndi mayendedwe, chotsala nthawi zambiri chimangokwana basi yobwerera. Masewero amachitika masana chifukwa usiku minibasi zimasowa, magetsi sadalirika, ndipo makolo salola mtsikana kuyenda mumdima kuchokera m'tauni kupita ku Machinjiri.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera ngati amenewa. Komabe malo odziwika oonetserako zisudzo ali ku Chichiri ndi ku Mandala. Kumene kuli anthu, maholo ndi a tchalitchi ndi a sukulu. Loweruka muli ukwati, Lamulungu muli mapemphero, ndipo a zisudzo amapatsidwa tsiku lomwe latsala.

N'zodabwitsa kuti dziko lomwe laona a zisudzo akukwera mpaka pamwamba silinawamangire nyumba. Du anakhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe mu 1993. Bon Kalindo, Winiko, analowa m'nyumba ya malamulo mu 2014. Michael Usi, Manganya wa Tikuferanji, analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Anthu anawadziwira pansanja ndi pawailesi. Nsanjayo ikudikirabe.

Omwe agwira chingwe kuti chisaduke ndi ochepa, ndipo ayenera kutchulidwa. McArthur Matukuta ndi Solomonic Peacocks akhala akuphunzitsa achinyamata ndi kukonza Easter Theatre Festival, komwe magulu ang'onoang'ono amapeza nsanja ndi anzawo ochokera kunja. Jacaranda Cultural Centre ku Mandala yatsegulira zitseko magulu omwe sakanatha kulipira holo yaikulu. Blantyre Arts Festival, yomwe inayamba mu 2009, imapatsa zisudzo malo pakati pa oimba ndi alakatuli. Kwathu, itataya mizati yake iwiri, sinagwe. Ikulembabe ndi kuyendabe m'maboma, ndipo ana omwe akuyamba lero amaphunzira kwa iyo momwe chiseko chimatsegulira khomo kuti mawu owawa alowe. Kuseri kwa onsewa kuli aphunzitsi a m'sukulu za sekondale za masana, omwe amatsala ndi ana mpaka dzuwa kupendeka popanda wowawonjezera kalikonse.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti masewero amenewa sakusungidwa.

Lero tikhoza kuwerenga zomwe ophunzira a m'zaka za m'ma 1970 ankasewera chifukwa James Gibbs anasonkhanitsa ena mwa masewerowo m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976. Ena mwa masewero a Du anasindikizidwa, a Chimombo alinso m'mabuku. Koma sewero la gulu la ku Bangwe lomwe linagwedeza holo chaka chatha lili m'kope la masamba ofewa, kapena m'foni ya wolemba, kapena m'mitu ya anthu asanu ndi awiri omwe mmodzi wapita ku Johannesburg, wina wakwatiwa, wina wapeza ntchito ya ulonda. Foniyo ikabedwa, sewero lapita. Ndipo popeza mphamvu ya masewerowa ili m'thupi ndi m'nyimbo, ngakhale mawu atalembedwa, theka lake limatsala ngati palibe wojambula kanema wabwino.

Ntchito imeneyi si yodula kuposa zina zomwe dziko limachita. Bungwe la COSOMA lili ndi thumba lothandiza aluso. Sukulu za ukachenjede zili ndi aphunzitsi a zisudzo ndi ophunzira ofuna zofufuza. Osindikiza mabuku a sukulu ali mumzinda momwemu. Buku limodzi la masewero khumi a m'madera a Blantyre, m'Chichewa chomwe anaseweredwera, likhoza kulowa m'kalasi chaka chamawa.

Pakadali pano, mphunzitsi wa ku Zingwangwa yemwe akufuna sewero latsopano loti ana ake a Fomu 3 aphunzire alibe buku loti atsegule. Amayamba wafunsa kwa anzake ngati pali amene ali ndi nambala ya wolemba.